Tsiku Limene Galimoto ya Ba Kapambwe Inadutsa Padenga

Ba Kapambwe ndi mbuya wanga, choncho chilichonse chimene ndilembe pano sangapite nacho kukhoti. Iwo ndi Mbemba, ine Enos kwathu ndi ku Katete, ndipo ife a kum'mawa ndi Abemba timanyozana mwaufulu kuyambira kalekale. Ife timati iwo amadya anyani, iwo amati ife timadya makoswe, chonsecho mbewa si khoswe. Ubale umenewu timautcha chimbuya. Mbuya wako akhoza kukunyoza pamaso pa apongozi ako, iwe n'kungoseka. Koma tsiku la maliro a kwanu, ndiye amene amakumba manda ndi kunyamula bokosi, ndipo sakana. Zimenezi muzisunge, tizifunanso kutsogoloku.

Munthuyu ndi makanika wa ku Kanyama, wamfupi ndi wochepa thupi, moti polowa pansi pa galimoto safuna jeke. Mafuta a injini analowerera m'khungu mwawo kalekale. Udzudzu wa ku Kanyama, umene umaluma ngakhale matayala, ukaluma Ba Kapambwe umapita kuseri kukasanza. Kulankhula ndiye ayi. Akazi awo, Ba Maggie, amati mpaka lero sadziwa kuti anafunsiridwa liti. Munthu anangobwera kudzakonza njinga ya bambo awo, osachokanso.

Anafika mu Lusaka chaka chimene tinalandira ufulu, kuchokera ku Mufulira, potsatira akulu awo Ba Chilekwa, ndipo onse awiri anapeza ntchito m'galaja ina m'tauni. Ba Chilekwa ndiye anali osiyana kotheratu: wamtali, wachifuwa, pakamwa ngati wailesi yosowa pozimitsira. Mawu onse amene makolo awo anayenera kugawira ana awiri anapita kwa mmodzi.

Masiku amenewo amakanika a m'magalaja ankakumana Lamlungu masana pa msewu wina wowongoka, kuseri kwa mafakitale. Mpikisano wake unali wosavuta kuumva. Magalimoto awiri aima mphuno zofanana, munthu wakweza nsanza m'mwamba, akangoitsitsa, liwiro! Wofika msanga pa mtengo wa bulugamu umene unali chapatsogolo ndiye wapambana. Panalibe kukhota, panalibe kuzungulira. Ukayetsemula pamene akunyamuka, potsegula maso anthu akuombera kale m'manja.

Azungu ambiri anali kupakira kumapita, kusiya zigalimoto zakale m'mabwalo. Abale awiriwa anatola chigoba cha Zefa, n'kuchotsamo mipando yakumbuyo, mabampa ndi chilichonse cholemera. Kenaka analowetsamo chiinjini cha galimoto ya ku Amereka chimene sichinkakwanamo, mpaka anaboola boneti kuti chizipuma. Anaipenta yofiira, mzere wachikasu pakati, ndipo pa zitseko analembapo kuti Nkalamo, ndiye kuti mkango m'chinenero chawo cha anyanicho. Womanga anali Ba Kapambwe, woyendetsa Ba Chilekwa.

Ana inu simunaone kanthu. Nkalamo ikabangula kumafakitale, nkhuku za ku Matero zinkaikira mazira a mawa ndi a mkucha nthawi imodzi. Mlamu wanga wina anaimirira pafupi kwambiri ndi msewu, mphepo yake inamuvula jekete n'kukaveka munthu wina ku Lilanda. Ine ndi maso angawa ndinaona Ba Chilekwa atafika pa bulugamu, chithunzithunzi chawo chikadali poyambira, chikufunsa anthu kuti mwiniwake walowera kuti.

Koma petulo anayamba kuvuta chifukwa cha mavuto a kumalire a kum'mwera, ndipo mipikisano inazirala. Ana anabadwa, pakamwa podya panachuluka. Nkalamo inagulitsidwa kwa munthu wina amene anaisandutsa yonyamulira nsomba zouma, ndipo inakathera m'phompho ku Manenekela. Munthuyo anapulumuka, anyani a kumeneko ndiwo anadya ndiwo mwezi wathunthu. Ba Chilekwa anayamba kuyendetsa malole a ku Dar es Salaam. Ba Kapambwe anamanga nyumba ku Kanyama, n'kutsegula kagalaja kawo m'mbali mwa msewu waukulu.

Tsiku lina tinangoona akukoka chigoba china cha Zefa, chadzimbiri, chimene munkaswerana agalu. Sanachisiye kugalaja, kuopa akuba. Anachilowetsa kuseri kwa nyumba yawo. Nthawi imeneyo njira yolowera kwawoko inali yotakata, lole ya mowa inkatembenukamo bwinobwino.

"Nanga ichi n'chiyani, iwe kolwe?" ndinafunsa, poti kolwe ndiye nyani m'chinenero chawo. "Khola la nkhuku?"

"Nizaimanganso Nkalamo," anatero. Tsiku limenelo sanalankhulenso china.

Zinali zaka zija za chipani chimodzi, pamene chilichonse chinali cha pamzere: ufa, sopo, mafuta ophikira. Unkayamba waima pamzere, kenaka n'kufunsa kuti kutsogoloko akugulitsa chiyani. Zipangizo za galimoto ndiye zinali zosowa kuposa zonsezi. Ba Kapambwe akapeza kabuleta chaka chino, mapisitoni ankadikira chaka chamawa. Chitsulo china anachitsata mpaka ku Ndola. Mapaipi otulutsira utsi anadula ku bedi la Ba Maggie, amene anabwera kuchokera ku chigwirizano cha amayi n'kupeza matiresi ali pansi. Ndipo munthuyu sankafuna galimoto yongoyenda ayi. Ankafuna Nkalamo yeniyeni, bowo la pa boneti likhale pomwe linali, mzere wachikasu ukule chimodzimodzi. Anaipenta yofiira, n'kuiyang'ana sabata yonse, n'kupalanso penti yonseyo poti kufiira kwake kunali kwa tomato, pamene kwa Nkalamo yakale kunali kwa magazi. Ana amene anabadwa chigoba chikulowa anamera ndevu iwo akumangabe.

Pamene iwo anali chagada pansi pa galimoto, Kanyama anali kudzaza. Anthu ankabwera kuchokera konsekonse, mapuloti ankapimidwa ndi mapazi, ndipo aliyense ankawonjezera kachipinda ka lendi pamene waona mpata. Njira ya kwa Ba Kapambwe inayamba kuonda pang'onopang'ono. Poyamba tinkayendamo atatu, kenaka awiri, kenaka mmodzimmodzi, kenaka cham'mbali ngati nkhanu. Anthu onenepa ankangopereka moni ali kumsewu. Tonse tinkadandaula za malaya athu okhulika m'zipupa, koma panalibe ndi mmodzi yemwe amene anaganizapo za galimoto.

Ndiye kunagwa tsoka. Ba Chilekwa anadwala matenda aja oumitsa ziwalo. Mbali yakumanzere inafa, ndipo pakamwa paja, pamene panali posatseka, panatsekeka. Atatuluka m'chipatala, abale anagwirizana zowatengera kumudzi ku Luwingu, kwa alongo awo. Lole ya msuweni wawo inali yoti inyamuka Lolemba lotsatira. Palibe ananena poyera, koma tonse tinkadziwa kuti ulendo umenewu ndi wosabwerera.

Ba Kapambwe anagwada pafupi ndi mpando wa akulu awo, ine ndili pomwepo, n'kunena kuti, "Ba kalamba, simuzayenda kumunzi mukalibe kukwelamo mu Nkalamo."

Sabata imeneyo anatseka galaja. Lachisanu masana tinamva chiphokoso chimene chinagwetsa miyala padenga la tchalitchi, ndipo ife achikulire tinayang'anana, poti liwu limenelo tinkalidziwa. Loweruka m'mawa tinawanyamula Ba Chilekwa pampando n'kuwalowetsa m'kanjira kaja, cham'mbali monga mwa masiku onse. Titawakhazika pabwalo anaiyang'ana galimotoyo nthawi yaitali. Anatambasula dzanja lamanja, lamoyolo, n'kusisita zilembo za pa chitseko. Kenaka anakweza dzanja lomwelo n'kuloza kumsewu.

Ba Kapambwe anadumphira mkati, analiza injini, analowetsa giya, n'kukweza maso. Kutsogolo kunali chipupa. Kumanzere chimbudzi cha aneba. Kumanja kanjira kathu kaja, kamene wilibala imadutsamo mopempha. Anazimitsa injini.

"Bana Mwape," anaitana akazi awo ndi dzina la mwana woyamba, "njila ili kuti?"

"Njila iti?"

"Yamene ninangenela nayo."

"Imwe batate!" anatero Ba Maggie atagwira m'chiuno. "Ija njila muli bantu bagonamo. Benangu banabadwilamo, manje bali ku sekondale!"

Ine ndinaseka mpaka ndinakhala pansi, koma ndinaseka ndekha. Nditayang'ana nkhope ya Ba Chilekwa, dzanja lija likutsika pang'onopang'ono, kuseka kunandithera.

Chipupa cha kutsogolocho chinali cha Ba Eneless, mayi wamasiye wa ku Petauke, kwathu kum'mawa, wogulitsa vitumbuwa. Kachipinda kawo kotsika ndiko kanaima pakati pa bwalo la Ba Kapambwe ndi msewu. Njerwa zake anaumba okha ndi manja awo, ndipo ankagonamo ndi adzukulu. Wina atangonong'ona zoti tigwetse chipupa, mayiwo anatulukira ndi chipande chonona mafuta.

"Wamene azagwila chipupa changa nizamukazinga pamozi na vitumbuwa! Muyese!"

"Kulibe azagwila, mayo," anatero Ba Kapambwe motsitsa mawu.

Wina anati tiidule galimotoyo pakati, tikailumikize kunja. Koma mpweya wowotcherera zitsulo unali utasowa m'tauni monse, ndipo ukaidula ndiye kuti Lolemba lifika ili zidutswa. Tinawabweza Ba Chilekwa kwawo. Ba Kapambwe anakhala pa tayala lakutha, manja ali m'masaya, kuyang'ana chipupa.

Chakumasana Ba Maggie anandipeza kwathu.

"Ba Enos, mbuya wanu sanadye kuchokela m'mawa. Ankala chabe monga panyumba pali malilo."

"Ndiye kuti alipo," ndinatero, n'kuvala nsapato.

Ndinayenda Kanyama yense, khomo ndi khomo la anthu a kum'mawa: Achewa, Ansenga, Angoni, Atumbuka, makamaka zimphona zija zonyamula matumba kumsika. Uthenga unali umodzi. Kwa Abemba kwagwa maliro, wamwalira ndi galimoto, yafera m'nyumba, mawa tikatuluka m'tchalitchi tikatulutse mtembo. Ena anaseka, ena anandifunsa ngati ndamwa, koma wokana panalibe. Ungakane bwanji maliro a mbuya? Mawa lake ukafedwa iwe, adzakukumbira ndani?

Khomo lomaliza linali la Ba Eneless. Ndinagwada patali, kumene chipande sichikanafika.

"Amayi, kodi mukadali a ku Petauke, kapena mwayamba kudya anyani?"

"Mufuna chani, Ba Enos? Kambani, mafuta yapsa."

"Mbuya wathu wafedwa. Mtembo ulibe podutsa."

Anatembenuza vitumbuwa. Kenaka anakweza maso kuyang'ana denga lawo.

"Chipupa osagwila," anatero. "Koma malata yanga siyokhomela. Ni myala chabe na matayala. Muchose, mupitishe chintu chanu pamwamba, mubweze mvula ikalibe kugwa. Ikalokwa pa bedi yanga, imwe na uja kolwe muzaniziba."

Madenga ambiri a ku Kanyama anali otero masiku amenewo. Misomali inali yosowa, ndiye malata tinkangowapsinja ndi miyala. Ine ndinali nditadutsa pafupi ndi dengalo zaka zonsezi osaliona ngati khomo.

Lamlungu linacha ndi mitambo yakuda kumpoto, poti inali nyengo ya mvula yoyamba. Ba Kapambwe anali atamasula kale chilichonse chomasuka: matayala, zitseko, mipando, magalasi. Injini tinaikoleka pamtengo ngati nguluwe yophedwa n'kuidutsitsa m'kanjira. Panatsala chigoba chokha. Anthu atafika, tinayamba ndi mwambo. Pamaliro a mbuya ofedwa timawathira ufa, koma chaka chimenecho kuthira munthu ufa kukanakhala kumupatsa mphatso, ndiye tinatapa phulusa m'mbaula. Ba Kapambwe tinawapaka mpaka anaoneka ngati mbatata yootcha. Abemba onse a m'deralo tinawakhazika pamphasa monga anamfedwa, ndipo amayi athu anayamba kulira mokweza, misozi palibe: "Kalanga Nkalamo iwe! Wafa usanaponde tala! Atate ako anakutsekera okha!"

Tinatsitsa miyala ndi malata a Ba Eneless, kachipinda kanatsala kukamwa yasa, bedi ndi mapoto zili poyera. Tinagoneka mitengo ya bulugamu pamwamba pa zipupa. Chigoba tinachikweza kaye pa migolo, kenaka pamapewa, kenaka pamitengo ija. Amuna ena analowa m'chipindamo kuchichirikiza ndi manja cham'munsi, ena ankakankha kubwalo, ena ankadikira kumsewu. Ine ntchito yanga inali yolemera koposa, yoimirira pa mgolo ndi kukuwa.

Chinayenda bwino mpaka pakati. Pamenepo mtengo umodzi unalira kuti thyo! Chigoba chinapendekera kumanzere, ngodya yake n'kukhala pa chipupa. Njerwa imodzi inasuntha, fumbi linagwera pa bedi. Amayi olira aja anasiya kulira, poti tsopano zinali zoona. Kumwamba kunagunda. Ndinaona kuti chikangotsetsereka pang'ono, titaya chipupa, galimoto, mwinanso anthu. Ba Kapambwe anadzuka pamphasa kuti athamangire.

"Ofedwa nkalani pansi!" anakuwa Ba Eneless.

Mayiwo anavula duku, analipinda nkhata ngati akupita kukatunga madzi, anakwera pa tebulo lawo lokandira ufa, n'kulowetsa mutu pansi pa ngodya yopendekayo.

"Imwe baamuna, muziba chabe kudya! Nyamulani! Ba Enos, lekani kukuwa monga mbuzi, bwelesani mutengo winangu!"

Sindinathamangepo chotero chibadwire. Tinalowetsa mtengo wina, chigoba chinawongoka, chinatsetsereka pang'onopang'ono, ndipo manja a kumsewu anachilandira. Chitakhudza pansi, anthu onse anatulutsa mpweya nthawi imodzi, moti zovala zimene zinali pa chingwe ku Chawama zinauma. Njerwa ija tinaibwezera m'malo mwake, malata ndi miyala zinabwerera padenga. Mvula inatiyang'ana, inaona nkhope zaphulusa, n'kukagwa kwina.

Amakanika onse a mumsewu wathu anagwirapo pomanganso, ndipo aliyense anabwera ndi kabotolo ka petulo kobisa m'jekete. Dzuwa litapendeka tinali kuseri kwa mafakitale. Bulugamu uja anadulidwa kalekale, koma chitsa chake chinalipo. Wopikisana naye anapezeka, Rodgers woyendetsa takisi ya Pijo, munthu amene ankadzitama kuti palibe anamupitirirapo mu Lusaka muno. Ba Chilekwa tinawakhazika pampando wakumanzere, Ba Maggie n'kuwamangirira bwinobwino ndi chitenje. Nawonso ndinawapaka phulusa pamphumi, asaone ngati kudwala kumachotsa munthu pa chimbuya. Nsanza yoyambitsira inali duku la Ba Eneless, ndipo anati aligwetsa okha.

Duku litagwa, Nkalamo inabangula n'kudumpha. Koma musaiwale kuti Ba Kapambwe ndi womanga, mpikisano sanayendetsepo. Anakakamira giya yoyamba, injini ikulira ngati nkhumba yogwidwa mwendo, Rodgers n'kumapita. Ife a m'mbali mwa msewu tinagwira mitu. Kenaka mwadzidzidzi liwu la injini linasintha, linasinthanso, ndipo ine, amene ndinamva liwu limenelo zaka za ufulu, ndinalizindikira. Kameneko sikanali kasinthidwe ka Ba Kapambwe.

Zimene zinachitika mkatimo Ba Kapambwe anatiuza okha pambuyo pake. Akuti anangomva mbama padzanja. Akulu awo anawachotsa dzanja pa ndodo ya giya n'kuigwira okha ndi dzanja lamanja lija, ndipo ankawagunda pabondo kuti aponde kilatchi. Wina mapazi ndi chiwongolero, wina giya.

Za amene anapambana musandifunse. Rodgers amati anafika pachitsa ali patsogolo ndi mphuno. Ine ndimati Rodgers sanafikebe mpaka lero, amene mumamuona kumsikayu ndi mng'ono wake. Chimene ndikudziwa n'chakuti titathamangira kumeneko tinapeza Ba Chilekwa akuseka ndi theka la pakamwa, misozi ikudula mizere m'phulusa, dzanja lili gwa pa giya. Tinayesa kuwamasula chitenje, anakana. Analoza kumbuyo, poyambira. Anathamanganso, ndi kuthamanganso, mpaka petulo wa m'mabotolo anatha, ndipo pobwerera ku Kanyama tinachita kuikankha, iwo ali momwemo ngati mfumu.

Madzulo amenewo Ba Kapambwe anakhala pakhomo pa Ba Eneless n'kudya vitumbuwa beseni lonse, osapuma, phulusa likadali m'makutu. Lolemba m'mawa lole ya ku Luwingu inanyamuka. Ba Kapambwe anawakweza okha akulu awo, anawafunditsa bulangete, ndipo lole itakhota anabwerera kugalaja akuimba mluzu. Ine ndinali ndisanadziwe kuti munthuyu ali ndi mluzu.

Nkalamo sinabwererenso kuseri kwa nyumba. Ba Eneless anati denga lawo limatseguka kamodzi kokha. Imaima pambali pa galaja, ndipo m'mawa mayiwo amayala thireyi ya vitumbuwa pa boneti, pafupi ndi bowo lija, Ba Kapambwe osawaletsa. Mbuya wangayo ndiye anaphunzira. Mwezi wathawu Ba Maggie anawapempha kuti awapangire mbaula yatsopano. Asanagwire chitsulo, ndinawapeza ali ndi chingwe m'manja, akupima chitseko cha kukhitchini.